Monita ikakana kugwirizana ndi Raspberry Pi: mmene mungapezere resolution yoyenera

Mwalumikiza Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono kaja, ku monita kapena ku TV, mwayatsa, koma zotuluka zake n'zosasangalatsa. Zilembo zatupa n'kutambalala, kapena chithunzi chadulidwa m'mbali moti batani la menyu silikuoneka, kapenanso sikirini yangoti bii, pakati pali mawu akuti No Signal. Ambiri akafika apa amathamangira kukopera mizere ya config.txt, fayilo ya makonzedwe a Pi, imene munthu wina analemba zaka zapitazo, n'kuithira yonse pakamodzi. Chonde musayambire pamenepo. Monita imasunga mkati mwake uthenga wofotokoza zimene imatha kuonetsa, ndipo ntchito yanu yoyamba ndi kufufuza ngati uthengawo wafika ku Pi kapena wathera panjira. Mukadziwa zimenezo, theka la vuto latha.

Zimene zimachitika mukangolowetsa chingwe

Uthenga umenewu dzina lake ndi EDID, ndipo malamulo ake anakhazikitsidwa ndi bungwe la VESA. Ndi kanthu kakang'ono: chigawo choyamba chili ndi mabayiti 128 okha, ndipo ma TV ndi mamonita a HDMI kawirikawiri amawonjezerapo mabayiti ena 128 onena za mawu ndi ma resolution a kanema (resolution ndi chiwerengero cha timadontho ta chithunzi m'lifupi ndi m'litali). M'menemo muli dzina la kampani yopanga, dzina la monitayo, kukula kwa sikirini, mndandanda wa ma resolution amene imalandira, komanso resolution imodzi imene imaikonda kuposa onse.

Pulagi ya HDMI yaikulu ili ndi mapini 19, koma pa nkhani yathuyi anayi okha ndiwo ofunika. Zimayenda ngati mlendo akafika pakhomo. Pi imati odi potumiza magetsi a 5V pa pini 18. Monita imayankha pa pini 19 kuti ilipo. Ikamva yankholo, Pi imayamba kufunsa za moyo kudzera pa mapini 15 ndi 16, ndipo m'menemo ndi mmene mumadutsa EDID.

Gwiritsitsani mfundo iyi: chithunzi chenichenicho chimadutsa m'mawaya ena, osati anayi amenewa. Choncho chingwe chikhoza kumanyamula chithunzi bwinobwino pamene waya wa EDID unaduka kalekale. Zikatero Pi imasowa womufunsa, ndiye imangosankha resolution yaing'ono imene pafupifupi sikirini iliyonse ingalandire, 640x480 kapena 1024x768. Mukaona manambala awiriwa pa monita yaikulu yatsopano, kayikirani kaye njira ya uthenga, osati monitayo.

Gawo loyamba: dziwani dongosolo limene Pi yanu ikuyendera

Pano ndi pamene anthu ambiri amatayira tsiku lathunthu. Raspberry Pi inatuluka mu 2012, ndipo kwa zaka zambiri nkhani ya sikirini inkayendetsedwa ndi firmware, pulogalamu imene imadzutsa Pi, kudzera m'mizere ngati hdmi_group ndi hdmi_mode. Kuyambira pa Raspberry Pi OS Bullseye ya mu 2021, ntchitoyi inasamukira ku kernel, imene ndi phata la Linux, m'dongosolo lotchedwa KMS. Pa dongosolo latsopanoli mizere yakale ija siigwira ntchito, ndiponso lamulo la tvservice silikuthandizani. Mukhoza kuilemba molondola kakhumi, Pi osasintha kanthu.

Tsegulani Terminal, pulogalamu yolemberamo malamulo, n'kulemba:

cat /etc/os-release

grep vc4 /boot/firmware/config.txt

Lamulo loyamba likuuzani mtundu wa Raspberry Pi OS umene muli nawo: Buster yakale, Bullseye, Bookworm kapena yatsopano kuposa pamenepo. Lachiwiri likatulutsa mzere wakuti dtoverlay=vc4-kms-v3d wopanda chizindikiro cha # kutsogolo kwake, muli pa KMS. Kuyambira pa Bookworm ya mu 2023 mafayilo amenewa amakhala mu /boot/firmware/, pomwe m'mbuyomo ankakhala mu /boot/ basi, ndiye sinthani lamulolo molingana ndi zimene muli nazo. Raspberry Pi 5 imadziwa KMS yokha. Ngati sikirini yadiratu, lowani mu Pi kuchokera pa laputopu ndi SSH, njira yoitumizira malamulo kudzera pa netiweki. Malamulo onse ofufuzira amene ndikupatseni amagwira ntchito chimodzimodzi.

Gawo lachiwiri: yambani ndi zogwirika

Zimitsani zonse. Yatsani monita kaye, sankhani HDMI yolondola pa rimoti kapena pa mabatani ake, kenako muyatse Pi. Chotsani chilichonse chimene chili pakati: splitter (yogawa chithunzi ku masikirini angapo), switch, chingwe cholumikiza. Tizipangizo timeneti nthawi zina timapereka EDID yathuyathu m'malo mwa ya monita, kapena sitipereka n'komwe.

Pi 4 ndi Pi 5 zili ndi ma port awiri a micro HDMI. Gwiritsani ntchito imene ili pafupi ndi polowera magetsi pa USB-C, yolembedwa HDMI0. Mu Linux imeneyi imatchedwa HDMI-A-1, ndipo inzakeyo ndi HDMI-A-2. Kapulagi ka micro HDMI kamavuta kulowa mpaka kumapeto ngati kesi ya pulasitiki ndi yokhuthala, ndiye tulutsani Pi mu kesimo muyesenso.

Chaja nayonso musaiderere. Pi 4 imafuna 5V ya 3A. Chaja ya foni yofooka imabweretsa mavuto ooneka ngati a sikirini, makamaka ngati pali adaputa imene ikudyanso magetsi omwewo. Lamulo la vcgencmd get_throttled likayankha throttled=0x0, magetsi ali bwino.

Gawo lachitatu: funsani Pi zimene yamva

Ili ndiye gawo lofunika kuposa onse, ndipo ndikukupemphani kuti musalidumphe ngakhale mutakhala pa changu. Lembani malamulo atatu awa limodzilimodzi:

cat /sys/class/drm/card?-HDMI-A-1/status

cat /sys/class/drm/card?-HDMI-A-1/edid | wc -c

cat /sys/class/drm/card?-HDMI-A-1/modes

Chizindikiro cha funso chili pamenepo dala, chifukwa pa Pi zina chipangizo chotulutsa chithunzi chimatchedwa card0, pa zina card1.

Lamulo loyamba likayankha disconnected chonsecho chingwe chili m'malo mwake, ndiye kuti yankho la pa pini 19 silikufika. Vuto ndi chingwe, adaputa, port yolakwika, kapena TV imene ili chigonere pa standby. Sinthani chingwe musanakhudze fayilo iliyonse.

Likayankha connected koma lachiwiri n'kutulutsa 0, Pi ikudziwa kuti kuli monita koma sinamve chilichonse kuchokera kwa iyo. Mawaya a pini 15 ndi 16 ndiwo okayikitsa. Lamulo lachitatu lidzakuonetsani kamndandanda kafupi koyambira pa 1024x768 kutsika m'munsi, kamene ndi kongopeka kwa kernel.

Lachiwiri likatulutsa 128, 256 kapena kuposerapo, uthenga wafika, ndipo mutha kuuwerenga nokha:

sudo apt install edid-decode

edid-decode /sys/class/drm/card?-HDMI-A-1/edid

Zotuluka ndi zambiri, musachite nazo mantha. Yang'anani zinthu zitatu. Choyamba, mzere wa Display Product Name: kodi dzinalo ndi la monita imene ili patsogolo panu? Mukapeza dzina lachilendo, amene akuyankhula ndi adaputa kapena splitter, monita yeniyeni ili duu kumbuyo. Chachiwiri, mzere woyamba ndi DTD 1, umene umaonetsa resolution imene monita imaikonda, mwachitsanzo 1920x1080 pa 60 Hz. Chachitatu, Checksum. Mabayiti 128 a chigawo chilichonse akaphatikizidwa amayenera kugawika ndi 256 popanda chotsala, ndipo pulogalamuyi imadandaula masamuwo akapanda kukwana. EDID yoyenera imayambanso nthawi zonse ndi 00 ff ff ff ff ff ff 00. Mukaona zosiyana ndi zimenezi, kapena zotuluka zikumasinthasintha mukabwereza lamulo, uthenga ukuwonongekera m'chingwe.

Pali vuto lina lofanana nalo koma losiyana gwero. EDID yafika bwino, Pi yasankha 1920x1080, koma sikirini ikuthwanima, ikuonetsa timadontho towala, kapena ikuzima n'kuyakanso. Apa resolution yapezeka molondola, koma chingwe chalephera katundu. Chithunzi cha 1280x720 pa 60 Hz chimayenda pa liwiro la 74.25 MHz, pomwe cha 1920x1080 chimafuna 148.5 MHz, kuwirikiza kawiri. Chingwe chachitali chotchipa chimakwanitsa choyambacho n'kugonja pa chachiwiri. Tsitsani resolution muone ngati kuthwanimako kwatha. Kukatha, gulani chingwe chachifupi chabwino.

Gawo lachinayi: ngati resolution yomwe mukufuna ili pa mndandanda

Apa m'posavuta. Pa desktop pitani ku Preferences, tsegulani pulogalamu yokonzera sikirini, imene pa Bullseye ndi Bookworm imatchedwa Screen Configuration, sankhani HDMI yanu, resolution yake, n'kutsimikiza. Okonda Terminal alembe wlr-randr ngati desktop ikuyendera dongosolo latsopano la Wayland, kapena xrandr ngati ikuyendera lakale la X11, kuti aone mndandanda. Kusintha kumatheka chonchi:

wlr-randr --output HDMI-A-1 --mode 1280x720

Zosintha za lamulo ili zimatha mukazimitsa Pi, pomwe za mu Screen Configuration zimasungika.

Pa sikirini ya LCD sankhani resolution ya pa DTD 1 ija. Timadontho ta sikiriniyo tili ndi chiwerengero chokhazikika, ndipo resolution ina iliyonse imachita kukokedwa kuti ikwane, zilembo n'kumaoneka mwa chimbuuzi. Zilembo zikakuchepelani, kulitsani zilembozo m'makonzedwe a desktop, resolution muisiye.

Gawo lachisanu: kukakamiza resolution mu cmdline.txt

Mwayesa chingwe china, mwachotsa zapakati, koma Pi sikumvabe. Kapena Pi yanu ilibe desktop, imangoyendetsa pulogalamu imodzi yoonetsa mitengo m'shopu kapena nyimbo kutchalitchi. Tsopano mpamene mungaiuze nokha chochita. Sungani kaye kope la cmdline.txt, fayilo imene kernel imawerenga Pi ikamayaka:

sudo cp /boot/firmware/cmdline.txt /boot/firmware/cmdline.bak

sudo nano /boot/firmware/cmdline.txt

Fayilo imeneyi ili ndi mzere umodzi wautali, ndipo iyenera kukhalabe ya mzere umodzi. Musadinde Enter. Pitani kumapeto kwa mzerewo, siyani mpata umodzi, n'kulemba:

video=HDMI-A-1:1280x720@60D

Chilembo D chakumapetocho chikuuza kernel kuti itulutse chithunzi pa port imeneyo ngakhale monita isanayankhe. Dziwani kuti mukachiika, status ija izingoti connected nthawi zonse, ndiye siingakuthandizeninso pofufuza chingwe mpaka mutachichotsa.

Ngati resolution yomwe mwalemba ilibe pa mndandanda wa monita, kernel imadziwerengera yokha nthawi za mizere ya chithunzi. Kuika M pambuyo pa manambala kumaiuza kuti iwerengere m'njira ya CVT, ndipo kuwonjezera R kumachepetsa mipata yopanda chithunzi imene inkafunika pa mamonita akale a chubu. Kusiyana kwake si kwamasewera. Pa 1920x1080 ya 60 Hz, CVT wamba imafuna 173 MHz, pomwe yokhala ndi R imafuna 138.5 MHz yokha. HDMI ya Pi 3 imalekezera pa 162 MHz, choncho pa Pi imeneyo lembani chonchi:

video=HDMI-A-1:1920x1080MR@60D

Mamonita a kompyuta amalandira nthawi zowerengeredwa chonchi popanda vuto kawirikawiri. Ma TV ena amakana, chifukwa amayembekezera 148.5 MHz yeniyeni ya kanema. N'chifukwa chake kwa TV ndimakonda njira yotsatirayi.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: sungani EDID m'fayilo

Kwa ife amene magetsi amatithimira kawirikawiri, njira iyi ndi yamtengo wapatali. Magetsi akabwera, Pi imadzuka nthawi yomweyo, koma TV imachedwa kapena imakhala pa standby kudikira munthu wa rimoti. Ma TV ena sapereka EDID ali m'tulo choncho. N'zoona kuti KMS imazindikira monita ikayaka mochedwa, koma pulogalamu imene yatseguka kale pa sikirini yonse ikhoza kukakamira kukula kolakwika mpaka wina aitsekenso. Pa sikirini imene yapachikidwa pakhoma pamwamba, popanda kiyibodi, zimenezi n'zotopetsa.

Mankhwala ake ndi kujambula EDID pa nthawi imene zonse zikuyenda bwino, n'kuuza Pi kuti izingowerenga kopelo. TV ili chiyakire, chithunzi chili bwino, lembani:

cat /sys/class/drm/card?-HDMI-A-1/edid > ~/tv.bin

edid-decode ~/tv.bin

sudo cp ~/tv.bin /lib/firmware/tv.bin

Lamulo lapakatilo ndi lotsimikizira kuti fayiloyo si yopanda kanthu komanso kuti dzina ndi DTD 1 n'zolondola. Kenako kumapeto kwa mzere wa cmdline.txt, mutachotsa video= ina iliyonse imene munaikapo, onjezani:

drm.edid_firmware=HDMI-A-1:tv.bin video=HDMI-A-1:D

Zimitsani Pi ndi TV, yatsani Pi yokha, dikirani pang'ono, kenako yatsani TV. Chithunzi chiyenera kubwera pa resolution yoyenera. Ngati chingwe chanu chokhazikika ndi chimene sichidutsitsa EDID, mwachitsanzo chinakwiriridwa kale m'khoma, bweretsani Pi pafupi ndi TV, jambulani EDID ndi chingwe chachifupi, n'kuibwezera pamalo pake. Tsiku limene mudzasinthe TV, kumbukirani kuchotsa mawu amenewa kapena kujambula EDID yatsopano, apo ayi Pi izidzatumiza chithunzi cha TV yakale ku yatsopano.

Za mamonita a VGA

M'masukulu, m'maofesi ndi m'mashopu ambiri kwathu kuno mudakali mamonita a VGA, a pulagi ya buluu ija, ndipo ndi chinthu chanzeru kuwagwiritsa ntchito ndi Pi m'malo mowataya. Koma adaputa ya HDMI kupita ku VGA si chingwe wamba. Mkati mwake muli kachipangizo kosandutsa chithunzi, ndipo kamadya magetsi kuchokera pa pini 18 ija, imene inapangidwira katundu wochepa kwambiri. Mukapeza adaputa yokhala ndi polowetsera magetsi akeake a USB, tengani imeneyo.

VGA nayo imanyamula EDID, pa mapini 12 ndi 15 a pulagi yake. Zingwe zina zotchipa za VGA zilibe mawaya amenewa, ndipo pulagi ikakhala yakale mapini amapindika kapena kuthyoka. Suzumirani m'pulagimo ndi tochi ya foni. Ngati EDID siikudutsa, werengani nambala ya modelo kumbuyo kwa monita, fufuzani resolution yake, n'kuilemba mu cmdline.txt. Mamonita osatambalala a mainchesi 17 ndi 19 kawirikawiri amakhala 1280x1024, a mainchesi 15 amakhala 1024x768. Chithunzi chikabwera chopendekera mbali imodzi, dindani batani la Auto pa monitayo.

Mamonita otambalala ang'onoang'ono ndi ma TV ang'onoang'ono ambiri ndi a 1366x768, ndipo Pi 4 ili ndi vuto lodziwika ndi resolution imeneyi. Imatulutsa timadontho tiwiritiwiri nthawi imodzi, choncho siikwanitsa nthawi za mizere zokhala ndi manambala osagawika pawiri, zimene 1366x768 wamba ili nazo. Zotsatira zake imatsikira pa ina, kawirikawiri 1280x720. Yesani 1360x768, imene imasiyana ndi timadontho 6 tokha m'lifupi.

Chithunzi chodulidwa m'mbali, ndi nkhani ya 4K

Ngati resolution ndi yolondola koma m'mphepete mwadyeka, wolakwa ndi TV. Imakulitsa chithunzi pang'ono, chizolowezi chochokera m'nthawi ya ma TV a chubu. Lowani mu menyu ya chithunzi pa TV n'kusintha kukula kwake: pa LG amalemba Just Scan, pa Samsung Screen Fit kapena Fit to Screen, pa Sony Full Pixel. Mukaona zosiyana, chithunzi chazunguliridwa ndi mzere wakuda, onetsetsani kuti mu config.txt muli disable_overscan=1.

Pa TV ya 4K, Pi 4 imayamba ndi 30 Hz, ndipo mausi imaoneka ngati ikukoka mwendo. Kuti ifike 60 Hz onjezani hdmi_enable_4kp60=1 mu config.txt, ndipo chingwe chikhale pa HDMI0. Pi imatentha kwambiri ikatero. Pa ntchito wamba ndimaona kuti 1920x1080 pa 60 Hz ndi yokwanira, ndipo Pi imapepukidwa nayo.

Kwa amene adakali pa dongosolo lakale

Ngati muli pa Buster kapena m'mbuyo mwake, ganizo ndi lomweli koma zida ndi zina. Lamulo la tvservice -s limaonetsa resolution imene ikugwira ntchito, tvservice -m CEA ndi tvservice -m DMT amaonetsa zimene monita yanena kuti imalandira. Mu /boot/config.txt, hdmi_group=1 ndi gulu la ma TV, m'mene hdmi_mode=4 ndi 720p ndipo 16 ndi 1080p, onse pa 60 Hz. Gulu la mamonita ndi hdmi_group=2, m'mene 16 ndi 1024x768, 35 ndi 1280x1024, 82 ndi 1920x1080. Taonani kuti nambala 16 ikutanthauza zinthu ziwiri malinga ndi gulu, ndiye mizere iwiriyi iziyendera limodzi. Mzere wa hdmi_force_hotplug=1 umagwira ntchito ya D uja, ndipo hdmi_drive=2 umabweza mawu akasowa pa gulu lachiwiri. Posunga EDID lembani tvservice -d edid.dat, ikani fayiloyo mu /boot/, n'kuwonjezera hdmi_edid_file=1.

Sikirini ikada mutasintha fayilo

Zimachitika, ndipo palibe chimene chawonongeka. Zimitsani Pi, tulutsani khadi la microSD, lilowetseni mu laputopu. Chigawo chimene muli cmdline.txt ndi config.txt ndi cha FAT, choncho ngakhale Windows imachitsegula. Windows ikakufunsani ngati mukufuna kufomata chigawo chinacho, kanani, chifukwa m'menemo ndi mmene muli dongosolo lonse ndi mafayilo anu. Tsegulani cmdline.txt, fufutani mawu amene munawonjezera, onetsetsani kuti zonse zili pa mzere umodzi, kapena bwezerani cmdline.bak ija poisintha dzina. Pa dongosolo lakale, hdmi_safe=1 mu config.txt imabweretsa chithunzi chaching'ono chimene mungayambirepo. Poyesanso, sinthani chinthu chimodzi chokha, yatsani Pi, muone zotsatira, ndipo yambani ndi 1280x720 musanakwere ku resolution yaikulu.